Buku lomwe ndinkalikonda ku sekondale landiliza nditakula: chalakwika n'chiyani?

Funso la lero lachokera kwa bambo wina wa ku Makwasa, m'boma la Thyolo, yemwe ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Kalata yawo ndi yaitali, ndiye ndaidula apa ndi apo.

"Aphunzitsi, ndili ndi zaka 46. Tili Fomu 3 aphunzitsi athu a Chingerezi anatiwerengetsa Things Fall Apart, ndipo Okonkwo anali munthu wanga, mpaka anzanga ankanditchula dzina lakelo. Mu Juni chaka chino chiperoni chitatitsekera m'nyumba, ndinalipeza bukuli m'chikwama cha mnyamata amene ndikumulera, mwana wa malemu achemwali anga, n'kuyamba kuwerenga. Ndinadabwa. Munthu ndinkamusirira uja ndinamuona kuti ndi chilombo, ndipo nditafika pomwe anaphera mwana uja ndinalira, ndinachita kutuluka panja kuti ana asandione. Kenaka ndinasakasaka kabuku kena kachikondi komwe kale sindinkasiyana nako. Ndinangowerenga masamba ochepa n'kukaponya uko, n'kozizira. Mayi akunyumba akuti ndikutaya nthawi kubwereza nkhani yomwe mathero ake ndikuwadziwa kale. Komanso masiku ano ndikangowerenga pang'ono maso amalemera, basi tulo. Kodi mutu wanga wayamba kufooka? Kapena kale lija sindinkamva zomwe ndinkawerenga? Nanga kubwereza buku n'kwanzeru pomwe mabuku oti sindinawerengepo ali mbwee?"

Bambo, mtima m'malo. Mutu wofooka sungathe kukumbuka zomwe unamva zaka pafupifupi 30 zapitazo n'kuzisiyanitsa bwino lomwe ndi zomwe wamva mu Juni. Ndaphunzitsa mabuku a nthano kwa nthawi yaitali m'masukulu a sekondale kuno ku Mulanje, ndipo ophunzira anga akale, ena ndi anamwino tsopano, ena ali ndi mashopu pa Chitakale ndi pa Limbuli, tikakumana amandiuza zofanana ndi zanuzi. Kungoti ambiri amazinena moseka, pomwe inu mwalimba mtima n'kutchula misozi. M'kalata yanu mwamanga mtolo umodzi nkhani zomwe magwero ake ndi osiyana. Za Okonkwo ndi zina, za kabuku kachikondi ndi zina, za tulo ndi zinanso, ndipo mwa zonsezi ndi za tulo zomwe zingafune kuti mukaonane ndi achipatala.

Tiyambe ndi Okonkwo poti ndiye wakusowetsani mtendere.

Chomwe mwakhala mukuyenda nacho m'mutu zaka zonsezi si buku lomwe Chinua Achebe anatulutsa mu 1958. Ndi chidule chake, ndipo chidulecho munachisoka nokha. Mu 1932 katswiri wa za maganizo wa ku Cambridge, Frederic Bartlett, anafalitsa zomwe anapeza atawerengetsa Angerezi nthano ya eni nthaka a ku North America, yachilendo kwa iwo, n'kumawauza kuti ailembenso pamtima patapita masiku, miyezi, ena mpaka zaka. Nthano ija inkafupikirafupikira. Zomwe sankazimvetsa zinkatsala m'njira, ndipo zotsalazo ankazikonza mosadziwa kuti zifanane ndi zomwe anazolowera kwawo. Tonsefe timakumbukira nkhani motero. Ndiye taganizirani mnyamata wa zaka 17, amene mwina fizi yake inkachokera m'dengu la tiyi la mayi ake. Akumana ndi munthu wobadwira m'nyumba ya ngongole, amene agwetsa katswiri wa zolimbana woti wakhala zaka 7 msana wake osakhudza pansi, amene abwereka mbewu ya zilazi kwa munthu wolemera n'kudzaza nkhokwe ndi manja ake. Mnyamatayo wapeza kale chomwe mtima wake umafuna. Zotsalazo akuwerenga kuti amalize.

Choncho musadzinyoze kuti simunkamva. Khama la Okonkwo lilimodi m'bukumo. Koma mulinso, kuyambira m'mitu yoyambirira, mawu a mlembi onena mosabisa kuti chomwe chinkamuyendetsa munthuyu ndi mantha, mantha oti angafanane ndi bambo ake, Unoka. Mulinso tsiku lomwe anamenya mkazi wake wamng'ono m'sabata yopatulika yamtendere chifukwa chochedwa kuphika, ndi tsiku lomwe anawombera mfuti mkazi wake wachiwiri, mwamwayi n'kumuphonya, mkangano utayambira pa masamba a nthochi. Zonsezi maso anu anaziona kalelo, ndipo zikanabwera pa mayeso mukanayankha. Kungoti panthawiyo munalibe mkazi, munalibe khomo lanulanu, ndiye zinasowa pokola.

Tatsegulaninso mutu wa 7, womwe uli ndi imfa ya mwana uja, muone mmene mlembi anaumangira. Ikemefuna, mnyamata wa kumudzi wina amene Okonkwo akumulera, wakhala pakhomopo zaka 3, ndipo amaitana Okonkwo kuti bambo. Nkhalamba ina ya m'mudzimo yabwera kale kudzatsina khutu Okonkwo kuti dzanja lake lisakhudze nawo imfa ya mwanayo. Mnyamatayo amunamiza kuti akumubwezera kwawo. Ali m'kanjira ka m'nkhalango, mtsuko wa mowa uli pamutu, amuna a zikwanje ali kutsogolo ndi kumbuyo. Apa mlembi sathamangira ku chikwanje. Atilowetsa m'mutu mwa mwanayo. Akudzifunsa ngati akamuzindikire mlongo wake amene anamusiya ali kamwana. Akulingalira mmene mayi ake akathokozere Okonkwo pomulera bwino. Kenaka mantha amugwira oti mwina mayiwo anamwalira, ndiye ayamba kuimba chamumtima kanyimbo ka paubwana, akuponda motsatira nyimboyo, kuti phazi lomwe nyimbo ithere limuuze ngati ali moyo. Mtsuko uphwanyika, iye athamangira kwa amene amamuyesa bambo ake, ndipo ameneyo ndiye amumaliza, poopa kuti anzake angamuyese wofooka.

Powerenga koyamba simunkadziwa kothera kanjirako, ndiye munkathamanga kuti mudziwe. Ulendo uno munkadziwa. Phazi lililonse la mwanayo linakulemerani chifukwa iye ankaona kwawo pomwe inu munkaona manda. Onjezeranipo kuti m'nyumba mwanu muli mnyamata wamasiye amene akudalira inuyo malume ake. Mukanadutsa mutu umenewo osamva kanthu, apo ndiye ndikanada nkhawa.

Komabe pa mawu oti chilombo ndikutsutsani. Kuwerenga kwachiwiri kuli ndi msampha wake: munthu amadzikwiyira kuti ankasirira zolakwika, ndiye amalumphira mbali inayo mopitirira. Werengani mutu wotsatirawo. Okonkwo atha masiku 2 osadya, akungomwa mowa, tulo osabwera, akudzinyoza yekha chifukwa chonjenjemera. Tsiku lomwe mwana wake Ezinma adwala malungo, ndi iye amene alowa m'tchire ndi chikwanje kukasaka masamba ndi makungwa a mankhwala. Usiku wina wansembe wamkazi atanyamula mwana yemweyo kupita naye kuphanga, Okonkwo adikira kaye kuti asaoneke wamantha, koma kenaka anyamuka, ndipo pambuyo pake timva kuti anapita n'kubwerera kangapo usiku womwewo nkhawa itamudya. Chilombo sichitero. Uyu ndi munthu wachikondi amene anadziphunzitsa kuti chikondi n'chochititsa manyazi. Amuna otere tili nawo m'midzi mwathumu, ena ndi amene anatilera, ndipo ndikukhulupirira kuti mukadzalibwerezanso muli ndi zidzukulu, mkwiyowo udzakhala utaphwa, chotsala chidzakhala chisoni.

Ndaonanso kuti amayi akaliwerenga bukuli, amene amawalasa mtima ndi Ekwefi, mkazi wachiwiri wa Okonkwo uja, wobereka ana 10 n'kuika m'manda 9. Anyamata m'kalasi ankangomudutsa. Anthu amene akhalapo ankhoswe kapena akuluakulu a mpingo amaima pa Obierika, mnzake wa Okonkwo uja amene anakana kupita nawo kunkhalango, n'kudzamuuza pamaso kuti zomwe wachitazo zimaitanira tsoka pabanja.

Kawerengedwe ka kusukulu nakonso kali ndi mbali yake. Wophunzira wa Fomu 3 amawerenga diso lina pa buku, lina pa MANEB. Amafuna mndandanda: makhalidwe a mpangankhani wamkulu, malo ndi nthawi, mfundo zazikulu, phunziro la nkhani. Wolimba mtima, wakhama, waukali, perekani zitsanzo ziwiri. Zimenezi zimakhozetsa mayeso, koma munthu akaikidwa pamndandanda sapwetekanso mtima wa wina aliyense. Ndiye palinso Chingerezi. Pamsinkhu umenewo mphamvu zambiri zimathera pa kulimbana ndi mawu, nkhani n'kumafika yotopa kale. Lero, mutatha zaka mukulemba malipoti ndi kuwerenga makalata a muofesi, chiyankhulo sichikukutchingiraninso. Za timabuku ta manotsi tomwe ana a masiku ano amaloweza n'kukhoza mayeso buku lenilenilo asanaligwireko ndisaziyambe, ndingadzaze tsamba lonse.

Kabuku kachikondi kaja nkhani yake ndi yosavuta. Alipo mabuku omwe mphamvu yawo yonse ili pa funso limodzi: kenaka chichitike n'chiyani? Akwatirana kodi? Wakubayo agwidwa? Funsolo likayankhidwa, buku lamaliza ntchito. Ambiri a msinkhu wanu anakulira timabuku ta Pacesetters, tomwe kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa mu 1977, olemba ake ali a mu Africa momwe muno, ndipo tinkayenda m'mahositelo dzanja ndi dzanja mpaka chikuto kuchokeratu. Ine munthu wonyoza timabuku timeneti sindimugwirizana naye. Ndi tomwe tinaphunzitsa achinyamata ambiri kuwerenga Chingerezi mwaliwiro popanda wowaimirira ndi mkwapulo, ndipo mwana womaliza kabuku kotere usiku umodzi saopanso akaona buku lonenepa. Koma kuthandiza ndi kwina, kupirira kubwerezedwa ndi kwina. Tina timapirira, tambiri ayi.

Dzifunseninso chomwe munkasaka pokasaka kabukuko. Kawirikawiri munthu sakhala kuti wasowa buku. Wasowa hositelo ija, kandulo woyatsa mobisa belu logonera litalira kale, ndi mtsikana amene ankamulembera makalata mokopera ziganizo za m'kabukuko. Zimenezo m'masambamo mulibe. Apa ndi pomwe pali ngozi yeniyeni ya kubwereza: mutha kuwononga chikumbukiro chokoma osapindulapo kanthu. Anthu ndimawalangiza kuti asanabwereze buku lomwe analikonda ali ana, alitsegule pakati paliponse n'kuwerenga tsamba limodzi lokha. Ngati tsambalo lili ndi kanthu palokha, kaya ndi kayankhulidwe komveka kuti ndi ka anthu enieni, kaya ndi kanthu kakang'ono komwe mlembi anakayang'anitsitsa, bwererani koyambirira. Ngati n'longokankhira nkhani kutsogolo, litsekeni mumupatse mwana wa zaka 15. Akalimva kukoma monga munalimvera inu.

Tsopano za mayi akunyumba. Pa mfundo yoti kudziwa mathero kumapha nkhani, andikhululukire, sizili choncho nthawi zonse. Mu 2011 akatswiri awiri a pa yunivesite ya California ku San Diego, Jonathan Leavitt ndi Nicholas Christenfeld, anawerengetsa ophunzira nthano zazifupi, ena atawaululiratu mathero, ena ayi. Pa nthano zambiri, amene anadziwiratu mathero ndiwo ananena kuti zawakomera koposa. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza zosiyana, ndiye si lamulo. Koma ifeyo sitinachite kudikira a ku San Diego. Mwana akamapempha agogo ake nthano ya Kalulu yomwe ija ya dzulo, amadziwa bwino kuti Kalulu apulumuka, ndipo agogo akalumpha nyimbo ya pakati amawakumbutsa. Chaka ndi chaka pa Pasaka matchalitchi amadzaza ndi anthu odzamva nkhani yomwe mathero ake anawadziwa ali ku Sande sukulu. Amene anakwerapo phiri la Mulanje podzera ku Likhubula akudziwa kuti ulendo woyamba maso amakhala pa mapazi ndi pa funso loti tifika liti. Mathithi, thanthwe la Chambe ndi minda ili m'munsiyo mumaziona bwino ulendo wachiwiri.

Koma mawu a mayi musawataye onse. Nthawi zina munthu akati "mukutaya nthawi ndi buku" akutanthauza kuti "mwachoka m'mamawa, mwabwera madzulo, ndiye mwafikira kutionetsa nkhongo." Ngati ndi choncho, kafukufuku wa ku America sakupulumutsani. Chomwe ndaona chikuthandiza m'mabanja ena ndi kuwerenga mokweza, mutu umodzi mukatha kudya nsima, ndipo apa mabuku a Chichewa ndiwo amakoma. Sakani a John Gwengwe, a Willie Zingani, a Jolly Ntaba, kapena Nthondo la Samuel Josia Nthara, lomwe linatuluka mu 1933. Mukawabwereza mukumana ndi zodabwitsa za mtundu wina. Kalembedwe ka mawu m'mabuku osindikizidwa kalekale kakupunthwitsani, chifukwa malamulo omwe tinaphunzira kusukulu anabwera ndi Chichewa Board, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972. Muonanso kuti ambiri amakonda kulalikira: woipa alangidwa, wabwino adalitsidwa, phunziro lili poyera. Muli ana simunkaziona zimenezi, lero mwina zikutopetsani. Musawaweruze mwachangu alembiwo. Makina ambiri osindikizira anali a mipingo, monga ku Nkhoma, ku Likuni ndi a Montfort ku Limbe, ndipo msika waukulu unali sukulu. Chinanso, kuyambira mu 1968 kunali lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, ndipo buku linkatha kuletsedwa. Mlakatuli Jack Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kudzatulutsidwa mu 1991 osazengedwa mlandu. Wolemba m'masiku amenewo ankayenda chonyang'ama. Inu amene munaona 1994 mutha kumva tsopano zomwe mlembi anazinena mokuluwika, ndi pomwe anangokhala chete mwadala. Ku sekondale makutu amenewo munalibe.

Poti ndinu kalaliki pa esiteti, mumalemba makilogalamu a anthu othyola tiyi n'kuona zomwe amalandira likafika tsiku la malipiro, dzabwerezeninso Smouldering Charcoal ya Tiyambe Zeleza, ya mu 1992, ngati munaiwerengapo. Mchere, wogwira ntchito pa kampani yophika buledi uja amene sitalaka inamulowetsa m'ndende, simudzamuwerenganso ngati funso la mayeso.

Pa funso loti kubwereza n'kwanzeru pomwe mabuku ena ali mbwee, ine ndimati mabuku oyenera kubwereza ndi ochepa, ndipo ochepawo amafuna kuwapumitsa. Kubwereza chaka ndi chaka kumangotsimikiza zomwe munaganiza kale. Pakadutsa zaka ndi zochitika, ukwati, maliro, kuchotsedwa ntchito, kubadwa kwa mwana, m'pamene buku lakale limanena zatsopano. Pakatipo werengani zachilendo, chifukwa mabuku atsopano ndi amene amanola diso lobwerezera akale. Chenjerani mukaona kuti mwayamba kuthawira ku mabuku awiri atatu omwewo chifukwa chatsopano chilichonse chikukutopetsani. Pa nyengo ya mavuto zimenezi zimatonthoza ndipo palibe cholakwika, koma zikakhazikika ndiye kuti chidwi chayamba kuwodzera. Mabuku ndi odula, inde. Koma kuli laibulale ya sukulu yomwe mnyamatayo amaphunzira, kuli nthambi za National Library Service, kuli mavenda a mabuku akale m'misewu ya Limbe ndi Blantyre, ndipo aphunzitsi a m'dera lanu sangakane kubwerekana ndi munthu wobweza. Mukagula lanulanu musalisunge m'katoni ya pansi. Chinyezi cha ku Thyolo ndi Mulanje chimamatitsa masamba, chotsala chiswe n'kumaliza.

Kachizolowezi kamodzi komwe ndimakalimbikitsa ndi aka. Musanatsegule buku lomwe mukufuna kubwereza, lembani pa kapepala zomwe mukukumbuka: amene munkamukonda, amene munkadana naye, ndi mmene nkhani inathera. Mukamaliza kuwerenga, yerekezani. Anthu amadabwa kupeza kuti akhala akukumbuka zochitika zomwe m'bukumo mulibe, kapena kuti mawu omwe amati ananena uje ananena wina. Lembanipo chaka n'kukasiya kapepalako m'bukumo.

Za mnyamatayo simunafunse, koma ndinenapo poti buku ndi lake. Musamulande Okonkwo wake. Ngati akumusirira, musiyeni, ndi msinkhu wake umenewo, ndipo mukamuuza zoyenera kumva angoloweza maganizo anu monga amalowezera manotsi. Mufunseni mafunso basi. Bwanji Nwoye, mwana wa Okonkwo, anachoka pakhomo pa bambo ake? Ukanakhala Obierika ukanatani? Kumbukiraninso kuti iye akuwerenga za mwana wosiyana ndi mayi ake ali mwana amene mayi ake kulibe. Mwina mutu wa 7 unamupweteka kuposa inu, kungoti sananene. Ngati mungathe, muuzeni kuti inu munalira. Buku lonselo likunena za bambo amene analephera kuchita chimenechi pamaso pa mwana wake.

Tatsala ndi maso ndi tulo. Apa ndiyankhula ngati mphunzitsi wovala magalasi, osati dokotala. Munthu akadutsa zaka 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma, ndipo kuona zinthu zapafupi kumavuta. Zimachitikira pafupifupi aliyense. Mumayamba kutalikitsa buku kapena foni kuti muone bwino, mumafuna kuwala kwambiri, mutu umawawa cha pamphumi, maso amalemera mutangowerenga pang'ono. Ambiri amangoti ndakalamba, chidwi chatha, chikhalirecho chofunika ndi magalasi owerengera. Onjezeranipo kuti mabuku akale ambiri ali ndi zilembo zing'onozing'ono pa pepala lofiirira, ndipo mwina mumawerenga usiku ndi tochi ya foni magetsi atazima, mutaweruka ku ntchito yoyang'ana manambala tsiku lonse. M'miyezi ya mvula, tiyi akachuluka sikelo n'kumagwira ntchito osapuma, tulo timeneto n'toyenera. Yesani kuwerenga masana pa tsiku lopuma, mutakhala tsonga pakhonde, foni mutaisiya m'nyumba. Ngati pamenepo mukutha mitu iwiri osasinza, vuto ndi kutopa ndi kuchepa kwa kuwala. Ngati zilembo zikusokonekerabe, kayezetseni maso. Kusaona bwinoko kukamabwera pamodzi ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda, pemphani akuyezeninso shuga. Mukamaona ngati kuli nkhungu ngakhale poyang'ana patali, ikhoza kukhala ng'ala, ndipo imeneyo amachotsa ndi opaleshoni.

Misozi ya pa mutu wa 7 sindikuiopa. Mwina ina mwa iyo inali ya achemwali anu. Amuna ambiri pamaliro amatanganidwa ndi bokosi, adzukulu ndi chakudya cha anthu, ndipo kulira kwawo kumadzapeza mpata patapita nthawi, pa nyimbo kapena pa buku. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola midzi ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Blantyre, ndakumana ndi owerenga amene sangathe kudutsa tsamba lonena za madzi osefukira kapena mtembo wa mwana. Amenewo ndimawauza kuti alitseke bukulo, palibe akuwalembetsa mayeso. Chomwe muyenera kuyang'anira ndi ichi: ndi kabuku kachikondi kokha komwe kazizira, kapena zonse? Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo mpira sukukukomerani, chakudya sichikulowa, kucheza ndi anzanu kukukulemerani, mukudzidzimuka pakati pa usiku osagonanso, mukudziona wachabechabe, kapena mwayamba kumwa kwambiri kuti muiwale, imeneyo si nkhani ya mabuku ayi. Ndi zizindikiro za matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika. Pitani ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Malamulo komwe muli nako pafupi, mukafotokoze momasuka monga mwandifotokozera ine, mupemphe kuonana ndi amene amathandiza za matenda a maganizo. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, ngakhale kamodzi, musadikire masabata awiriwo. Uzani mayi akunyumba kapena munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, akuperekezeni.

Koma poona kalata yanu, munthu amene anamaliza buku loyamba n'kupita kukasakasaka lachiwiri sanataye chidwi. Ine ndikukayikira maso. Yambirani kumeneko, ndipo popita kukayezetsa mutenge buku m'thumba. Zilembo za pakhoma zija zimayeza kuona patali. Magalasi owerengera muwayese pa zilembo zomwe mukawerenge kunyumba, mutagwira buku pomwe mumaligwirira nthawi zonse, ndipo musalipire musanamalize ndime yonse osatsinzina.